Kalata kwa mwana wanga woyimba

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tili bwino, amayi ako akupereka moni. Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ukuti aphunzitsi akuuza kuti mawu ako ndi a tenala (mawu apamwamba a amuna) osati baritoni (mawu otsikirapo), ndipo zakuwawa kuti pa msinkhu wakowu uyambirenso kuphunzira. Ndakumva. Koma usanawayankhe, tamva za woyimba wina, Lauritz Melchior wa ku Denmark.

Bamboyu anabadwira ku Copenhagen mu 1890. Mu 1913 anayamba kuyimba opera, zisudzo zoyimba zija, m'bwalo lachifumu la mumzindawo. Ankayimba baritoni ngati iwe. Mayi wina woyimba wa ku America, Madame Charles Cahier, atamumva ananena kuti uyu ndi tenala, mawu ake angovundikirika. Akuluakulu a bwalolo anamupatsa nthawi yokaphunzira kwa tenala wina, Vilhelm Herold, ndipo mu 1918, ali ndi zaka 28, anakweranso pa nsanja ngati tenala, mu opera yotchedwa Tannhäuser, ya Wagner, wopeka nyimbo wa ku Germany.

Pamene ndikufuna umvetsetse ndi apa. Sanatchuke nthawi yomweyo ayi. Panadutsa zaka zina 6 asanayimbe ngati Siegmund, munthu wa mu opera ina ya Wagner, m'bwalo la Covent Garden mu London ndi ku Bayreuth ku Germany, mu 1924. Zaka zimenezo, munthu wamkulu ndithu, ankakhalabe pamaso pa aphunzitsi, mpaka ku Munich, kuwongoleredwa kapumidwe ndi katchulidwe ka Chijeremani. Ndalama ankamuthandiza mlembi wa mabuku wa ku England, Hugh Walpole, ndipo iye sanachite manyazi kulandira. Ine chimene chimandigwira mtima ndi kudzichepetsa kumeneko, kuposa kutchuka kwake.

Kenako zitseko zinatseguka. Analowa ku Metropolitan Opera mu New York mu 1926, nayimbako kopitirira ka 500 kufikira 1950. Nyimbo za Wagner n'zazitali, zimatha mawu a anthu ambiri, koma ake anapirira, ndipo mphamvu ya mawu apansi ija, ya ubaritoni, sinamuchoke. Nawenso zaka zako zapitazi sizinalowe m'madzi.

Choncho bwerera kwa aphunzitsiwo, uwafunse bwinobwino kuti ntchitoyi itenga nthawi yotani. Ukafuna, pita kwa mphunzitsi wina akumvetserenso. Usakakamize mawu apamwamba pawekha m'chipinda, ungavulaze kholingo. Za fizi usade nkhawa, ndakambirana kale ndi amayi ako, tikagulitsa mtedza tikutumizira.

Utiyimbire foni Lamlungu tikaweruka kutchalitchi.

Ndine,
Bambo ako