Chilengezo: Loweruka Lino Tikambirana za Kim Gu

Abale ndi alongo a m'gulu lathu lowerenga mbiri yakale, tikumane Loweruka likudzali 2 koloko masana pamalo athu a nthawi zonse. Mutu ndi moyo wa Kim Gu, mmodzi mwa atsogoleri omwe anamenyera ufulu wa Korea pamene Japan inkalamulira dzikolo kuyambira 1910 mpaka 1945.

Bamboyu anabadwa mu 1876 ku Haeju. Ndende ankaidziwa bwino, ndipo mu 1911 apolisi a Japan anamugwiranso n'kumuzunza koopsa. Anthu atachita zionetsero zofuna ufulu pa 1 Malichi 1919, iye anathawira ku Shanghai, m'dziko la China, n'kulowa m'boma longoyembekezera lomwe Akorea othawa kwawo anakhazikitsa kumeneko, ndipo pambuyo pake analitsogolera.

Pomwe ndikufuna titsutsane kwambiri ndi chaka cha 1932. Kim Gu ndiye anatuma Yun Bong-gil, womenyera ufulu mnzake, kukaponya bomba pa Hongkew Park ku Shanghai, pomwe akuluakulu a asilikali a Japan anali pa mwambo. Ena amati kumeneko kunali kudzipereka, ena amati kunali kukhetsa mwazi basi. Ine ndili ndi mbali yanga, koma ndidzainena nonse mukalankhula.

Kim Gu atabwerera kwawo mu 1945 anakana zoti dziko ligawidwe pawiri, mpaka anapita ku Pyongyang mu 1948 kukakambirana ndi atsogoleri a kumpoto kwa dzikolo. Pa 26 Juni 1949 msilikali wa dziko lake lomwe, Ahn Doo-hee, anamupha pomuwombera ku Seoul.

Bwerani ndi cholembera. Amene muli ndi zopereka za tiyi za mwezi watha, mudzapereke kwa msungichuma tisanayambe.