Ana athu aphunzire kuziziritsa zipangizo

A Mkonzi,

Ndimakonza mainiveta a sola ndi mawailesi pano pa Mangochi boma. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 35, anthu amandiunjikira zipangizo zakufa kuchokera ku Makanjira, Malindi mpaka Monkey Bay. Ambiri amati anagula katundu wabodza. Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri chapha ndi kutentha.

Mukatsegula bokosi mumapeza fani itatsekeka ndi fumbi ndi tizilombo, ma capacitor (tizipangizo tosunga mphamvu ya magetsi kwa kanthawi) atatupa. Amisiri amadziwa kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa capacitor umatsika ndi theka. Bokosi lomatidwa bwino, la mulingo umene amautcha IP65, limaletsa fumbi ndi madzi, koma limatsekeranso kutentha m'kati. Apa pamafunika munthu wodziwa kuwerengera kukula kwa chitsulo cha aluminiyamu chokhala ndi zipsepse, choti chikoke kutenthako n'kukutayira kunja popanda fani, komanso kumanga bokosi losagwedera pa msewu wa Makanjira. Imeneyo ndi ntchito yeniyeni ya injiniya, ndipo makampani a mafoni, migodi ndi magetsi a dzuwa amaifuna.

Koma ana athu akamva za uinjiniya amangoganiza misewu ndi milatho. Ndikupempha a mayunivesite a MUBAS ndi MUST komanso a bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA kuti aziphunzitsa mwakuya za kuziziritsa zipangizo, ndipo ophunzira azibwera kudzayesera mabokosi awo kuno kunyanja, osati ku Thyolo kozizira kuja kumene kuli MUST. Malo ndiwapatsa kuseri kwa shopu yanga.

Mmisiri wa zamagetsi,
Mangochi