Kwa iwe amene unanditsina khutu

Aise,

Uli bwanji kutali konseko? Ife kuno tilipo, ana akukula moti ukadzabwera sudzawazindikira, mayi awo akuti ndikupatse moni ndipo akuti ndikufunse ngati unaiwala kuti foni imaimbanso, si yongotumizira zithunzi ayi kkkk. Voice note yako ija ndaimvera katatu konse. Ndinayamba kujambula yanga yoyankha koma ndinaifufuta kawiri, pakamwa ine ndimathamanga ndipo ndimamaliza ndanena zomwe sindimafuna, nde ndati bola ndikhale pansi ndilembe, uwerenge ukapeza mpata.

Choyamba ndasangalala kuti wapeza anzako kumeneko. Shuwa. Miyezi yoyambirira ija unkandidetsa nkhawa, kuchoka kuntchito kukalowa m'chipinda, kutuluka m'chipinda kubwerera kuntchito, wopanda ndi mmodzi yemwe wokufunsa kuti wadzuka bwanji. Mlaliki 4:10 amachita kunena kuti tsoka kwa munthu amene wagwa ali yekha popanda womudzutsa, ndiye sindingakhale pano nkumakunyozera anthu amene akuchotsa pa uwekha. Koma pali mawu amodzi amene unanena cha kumapeto amene akundisowetsa tulo. Unati chomwe ukuwakondera nchoti samakuuza zochita, chilichonse chomwe wanena amangoti zili bho, ndipo ukumva ngati wapuma. Kenako unaseka nkunena kuti kutchalitchi wapitako kawiri chaka chino.

Iweyo aise? Iwe amene unandichita zija?

Mwina unaiwala, ine sindinaiwale. Nthawi ija tinkakumana pa gulu la mapemphero, ine ndinali ndi chizolowezi chobweretsa nkhani za anthu ngati mfundo zopempherera, eti tiyeni tiwakumbukire akutiakuti banja lawo silikuyenda, kenako nkufotokoza zonse mpaka amene anayambitsa ndewu ndi amene anathawira kwa makolo, anthu ali tcheru, pemphero lake la mphindi imodzi koma nkhani yake ya mphindi 20. Aliyense ankaona, palibe ankanena. Iwe unandidikira tikutuluka, unandikokera pambali nkundiuza kuti zimene ukuchitazi si pemphero, ndi miseche yovala jekete. Ndinakwiya zedi. Masabata atatu osakuyankhula, ndinkadziuza kuti umadzimva kuyera. Koma uthenga unalowa, ndipo mpaka lero pakamwa panga pakayamba kuyabwa kuti nditchule dzina la munthu pagulu ndimamva mawu ako aja. Akuluakulu aja sananame kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndiye chichokereni iwe palibe wanditsinanso khutu, ndikuuze zoona. Ndili m'magulupu a WhatsApp a chikhristu asanu kapena asanu ndi limodzi, m'mawa uliwonse mavesi akugwa ngati mvula, ukalemba chilichonse anthu 30 akuyankha Amen ndi timanja topemphera tija, koma palibe mmodzi yemwe amene akudziwa kuti ndatha miyezi ndikupemphera mongokwaniritsa mwambo. Ndipo nane ndimayankha Amen yemweyo kwa anzanga osadziwa chomwe akudutsamo. Ndiye usaone ngati ndikulemba ndili pamwamba, matenda ako ndi angawa ndi amodzi, kungoti iwe anzako ovomereza zonse uli nawo kunja kwa tchalitchi, ine ndili nawo mkati.

Vesi ija ya pa Miyambo 27:17 yoti chitsulo chinola chitsulo timaikonda kuika pa sitatasi, koma unayamba waimapo pafupi munthu akunola nkhwangwa? Pamamveka phokoso loipa, pamatuluka moto, ndipo chitsulo chimatha pang'ono, chimanyenyeka. Kunola si kusisita. Chaputala chomwecho vesi 6 imati mabala opwetekedwa ndi bwenzi ndi okhulupirika, pomwe mdani amachulukitsa kupsompsona. Ine kale ndinkawerenga ngati ndakatulo chabe, pano ndimaona kuti ndi chenjezo loti kukoma kwa ubwenzi sikukuuza ngati ubwenziwo ukukupindulira.

Pali munthu wina m'Baibulo amene salalikidwa kawirikawiri, Yonadabu, pa 2 Samueli 13. Lemba limamutchula kuti anali bwenzi la Amnoni mwana wa Davide, komanso anali msuweni wake, ndipo limawonjezera kuti anali wochenjera kwambiri. Anaona kuti mnzake akuonda, anamufunsa chavuta nchiyani, apo anachita bwino, bwenzi lenileni limafunsa. Amnoni atamuuza kuti akulakalaka Tamara mlongo wake, Yonadabu sanamudzudzule, anamupatsa pulani ya momwe angamupezere. Zotsatira zake ukuzidziwa, mtsikana anaonongedwa, patatha zaka ziwiri Abisalomu anapha Amnoni. Chimene chimandiwawa ine nchoti tsiku la imfalo Yonadabu yemweyo ndi amene anaima pamaso pa Davide nkumafotokoza modekha kuti musade nkhawa mfumu, wafa ndi Amnoni yekha. Mnzake wapita, iye ali bwinobwino. Rehabiamu nayenso zinamuonekera, anasiya uphungu wa akuluakulu nkutsata wa anyamata amene anakula nawo, ufumu unagawanika, mafuko khumi anamuchokera.

Posachedwapa ndinawerenga za Augustine, bishopu wa ku Hippo uja, ndipo nkhani ziwiri zinandigwira. Ali ndi zaka ngati 16 iye ndi anzake anakaba zipatso mumtengo wa munthu usiku, osati chifukwa cha njala, zambiri anangoponyera nkhumba, ndipo atakula analemba kuti akanakhala yekha sakanachita. Ina ndi ya mnzake Alypius, amene ankadana ndi masewera ophana aja a ku Rome, koma tsiku lina anzake anamukokera komweko mokakamiza, iye nkunena kuti thupi langa mungalitenge koma maso nditseka. Anatsekadi, koma gulu litakuwa anatsegula kuti aone chachitika nchiyani, basi kuyambira pamenepo anakhala iye wokokera ena. Koma taona mbali inayo, Alypius yemweyo anali pambali pa Augustine m'munda ku Milan mu 386 pomwe Augustine anatembenuka mtima, ndipo mu 387 bishopu Ambrose anawabatiza limodzi, kenako onse awiri anadzakhala mabishopu. Munthu mmodzi yemweyo, anzake ena anamukokera kokaonera magazi, mnzake wina anayenda naye mpaka ku ubatizo.

Tsono usandimve molakwa, sindikuti uwasiye anzakowo. Yesu mwini ankanenedwa kuti ndi bwenzi la amisonkho ndi ochimwa, Mateyu 11:19, ndipo pali anthu osapemphera amene ali oona mtima kuposa ena amene timakhala nawo benchi imodzi. Ndikudziwanso chifukwa chomwe mawu oti samandiweruza akukomera chonchi, unapwetekedwapo ndi anthu a mutchalitchi nthawi ija zinthu zako sizinkayenda, aliyense anasanduka mneneri wodziwa tchimo lomwe linabweretsa mavuto ako. Amene aja anali anzake a Yobu enieni. Ndipo ukawerenga bwino, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba pomwe anangokhala naye pansi osayankhula kanthu, zinaonongeka atatsegula pakamwa, mpaka kumapeto Mulungu anawauza kuti sananene zoona za Iye. Ndiye kudzudzula kulikonse si chikondi ayi, ena amangokonda kumva mawu awo. Ine pomwe ndikulemba pano ndikudzifunsa ngati sindikukhala Elifazi wako, ukaona choncho undiuze.

Kusiyana kwake ine ndimakuonera pa Jonatani. Anthu amakonda chaputala 18 cha 1 Samueli pomwe anavula mwinjiro wake nkumupatsa Davide pamodzi ndi lupanga ndi uta, koma ine yanga ndi 1 Samueli 23:16. Davide akubisala m'chipululu cha Zifi, Sauli akumusaka tsiku ndi tsiku, ndiye Jonatani ananyamuka nkupita komweko kukamulimbitsa dzanja lake mwa Mulungu. Mawu akuti mwa Mulungu amenewo ndi amene ndikufuna uwaone. Sanapite kukamuuza kuti ndiwe dolo usadandaule, sanapitenso kukamufufuza tchimo lomwe lamufikitsa m'thengo. Anamukumbutsa zomwe Mulungu analonjeza, kuti udzakhala mfumu ya Israyeli, ine ndidzakhala wachiwiri wako. Taganiza, uyu ndi mwana wa mfumu, mpando umenewo mwa anthu unali wake, koma akulimbikitsa mnzake kuti akule mpaka kumupitirira iye. Ndi angati mwa ife tingathe? Ine ndivomereze, utandiuza kuti wapeza mwayi wopita kumeneko ndinasangalala ndi pakamwa, mumtima munali kansanje kena kake komwe ndinalimbana nako miyezi ingapo, sindinakuuzepo.

Ndipo atamaliza kuyankhula Jonatani anabwerera kwawo, Davide anatsala m'thengo momwemo, mavuto ake osatha. Malemba sanenanso kuti anaonananso, Jonatani anakafera pa phiri la Giliboa. Ulendo umodzi, mawu ochepa. Izi zimandilimbitsa mtima pa nkhani ya mtunda uli pakati pathuwu, sindingakuchotsere uwekha wa kumeneko, sindingakhale nawe madzulo aliwonse ngati anzako atsopanowo, koma kulimbitsana dzanja mwa Mulungu sikulira kukhala nyumba zoyandikana.

Komanso ubwenzi wotere sutanthauza kuti simudzakangana. Barnaba ndi amene anamuikira kumbuyo Saulo ku Yerusalemu pomwe ophunzira onse ankamuopa, ndi iyenso anakamutenga ku Tariso kupita naye ku Antiokeya komwe anaphunzitsa limodzi chaka chathunthu, koma pa Machitidwe 15 anakangana koopsa chifukwa cha Yohane Marko mpaka anasiyana njira. Patapita zaka Paulo yemweyo akulembera Timoteo kuti ubwere naye Marko, ndi wothandiza kwa ine. Ndiye masabata atatu anga aja anali ochepa.

Tsopano nali pempho langa. John Wesley, woyambitsa Methodist uja, mu 1738 analemba malamulo a timagulu ting'onoting'ono tokumana kamodzi pa sabata, potsata Yakobo 5:16 yoti muululirane machimo ndi kupemphererana. Munthu asanalowe ankafunsidwa ngati akufuna kumauzidwa zolakwa zake zonse mosabisa mawu, ndipo akakumana aliyense ankayankha kuti wachimwa chiyani chikumanireni komaliza, wakumana ndi mayesero anji, ndipo wapulumukamo bwanji. Nditawerenga ndinati eee anthu awa anali olimba mtima, ife lero kungofunsidwa kuti unapemphera liti komaliza timaona ngati atilowerera. Koma chomwe ndakondapo nchoti munthu ankayamba wavomera yekha, palibe ankatsinidwa khutu mokakamiza.

Ndiye ine ndikuvomera. Ndikukupatsa chilolezo chomwe unadzitengera wekha tsiku lija, undifunse chilichonse, za pemphero, za ndalama, za momwe ndikukhalira ndi mayi a ana, za zomwe ndimaonera pa foni usiku anthu atagona. Iwe ngati sunakonzeke kufunsidwa palibe vuto, ndiyamba ine ndekha, uzingomvera. Tiziimbirana kawiri pa mwezi, mphindi 30 zokha, osati zija timayamba ndi mpira nkumaliza ndi mpira. Mpira tiziyamba nawo mphindi zisanu basi kkkk.

Ndiyambiretu pompano kuti uone kuti ndili siliyasi. Pali m'bale wina amene tinasemphana chaka chatha pa nkhani ya ndalama zomwe ndinamubwereka, anabweza mochedwa ndipo anapepesa, ine ndinati zatha, koma mpaka pano ndikamuona ndimasintha njira ndipo pa mgonero ndimadya ngati palibe kanthu. Palibe amene ndamuuza, ngakhale kunyumba. Ukandiimbira undifunse ngati ndapita kukaonana naye, ndipo ndikayamba kuzungulirazungulira usandisiye, umandidziwa momwe ndimathawira nkhani.

Za kutchalitchi kuja sindikukakamiza lero, ndikungofuna kumva chinachitika nchiyani, kaya ndi mashifiti a ntchito, kaya unapitako nkupeza palibe wokupatsa moni, kaya pali china chomwe chikukulemera chomwe sunanene mu voice note ija. Ndimvera kaye, masiku asanu ndi awiri a anzake a Yobu aja ndiyesetsa kuwasunga.

Undiuze tsiku lomwe umakhala ofu ndi nthawi yake ya kumeneko, ine ndiwerengera ndekha kusiyana kwa maola. Loweruka likubwerali ine ndili mfulu madzulo onse.

Ndine mnzako uja wa miseche yovala jekete.