Chochotsera zophoda chisankhidwe potengera zimene mwadzola

Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhuleko pa nkhani imene ambiri a ife timaipeputsa. Munthu amatha kutaya theka la ola akupaka mitundu ya faundeshoni kuseri kwa dzanja kuti apeze yofanana ndi khungu lake, koma ikakwana nthawi yochotsa zophodazo usiku amangotola chilichonse chimene chili pafupi, kaya ndi sopo wosambira thupi, kaya ndi kapepala kamodzi konyowa. Nanenso ndinkachita zomwezo mpaka zikope zanga zinayamba kuyabwa ndi kuthetheka, ndipo pakona pa maso panabwera mawanga akuda amene anatenga miyezi kuti azimiririke.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti funso loyamba liyenera kukhala lakuti munadzola chiyani m'mawa, malonjezo a pabotolo abwere pambuyo. Masikara yosachoka ndi madzi, lipisitiki wokhalitsa ndiponso faundeshoni yokhala tsiku lonse zimapangidwa ndi phula, mafuta ndi silikoni n'cholinga choti thukuta kapena misozi zisazichotse. Tsono madzi a pampopi angazichotse bwanji? Zamafuta zimasungunuka ndi mafuta anzake, n'chifukwa chake amene amadzola zoterezi amafunika chochotsera chamafuta, kapena cha magawo awiri chija chimene mafuta ake amayandama pamwamba pa madzi ndipo botolo lake amayamba alikhutchumula. Kagwiritsidwe kake n'kosavuta koma kamafuna kudekha: munyowetse thonje, muliike pachikope mutatsinzina kwa masekondi pafupifupi 20, kenako mupukute pang'onopang'ono motsetsereka ndi nsidze. Masikara imatsalira pathonjepo popanda kukwecha.

Kukwechako ndiye kumene ndikufuna owerenga akuope kwambiri. Khungu la pachikope ndi lopyapyala kuposa la pena paliponse pathupi, pafupifupi theka la milimita, ndipo likamatikitidwa usiku uliwonse limatupa pang'onopang'ono, nsidze n'kumathothoka. Kwa anthu a khungu lakuda vutoli limakula, chifukwa pamalo pamene pakwiyitsidwa khungu limatulutsa melanini wambiri, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wake, n'kusiya banga limene limachedwa kuchoka. Chomvetsa chisoni n'chakuti bangalo timaliphimbanso ndi zophoda zokhuthala, zimene zimafunanso kukwecha kwambiri madzulo. Choncho ngati chochotsera chanu chikufuna kuti mudutse pamalo amodzi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndiye kuti sichikugwirizana ndi zimene mumadzola, ngakhale chitakhala cha kampani yotchuka bwanji.

Amene amangopaka phoda pang'ono ndi pensulo ya m'maso akhoza kukhutira ndi madzi otchedwa micellar water. M'madzimo muli tinthu ting'onoting'ono totsuka tomwe mbali ina timagwira mafuta pamene mbali ina timagwirizana ndi madzi, motero timakoka litsiro n'kulisiya pathonje. Mabotolo ambiri amalemba kuti palibe chifukwa chotsukuluza, koma ine ndimatsukuluzabe, poti zotsukira zikagona pankhope usiku wonse zimatha kuumitsa khungu losachedwa kukwiya.

Sopo wa mtanda wosambira thupi ndiye ndingamuike kumapeto kwenikweni. Khungu la munthu mwachibadwa limakhala la asidi pang'ono, pa muyeso wa pH wa cha m'ma 5, pamene sopo wotere amakhala pa 9 kapena 10, kutanthauza kuti si wa asidi ndipo ndi wosiyana kwambiri ndi khungu. Kukokana kumene timakumva tikasamba naye, kumene ena amati ndiye kuyera, ndi chizindikiro chakuti mafuta oteteza khungu achoka. Timapepala tonyowa nato n'tothandiza paulendo, koma nthawi zambiri timangofalitsa zophoda pankhope m'malo mozichotsa, komanso timaikidwa mankhwala otetezera kuti tisachite nkhungu. Amodzi mwa mankhwalawa, otchedwa methylisothiazolinone, anayabwitsa anthu ambiri moti mayiko a European Union anawaletsa mu 2017 m'zodzola zosatsukuluza, kuphatikizapo timapepalati. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndiye ndi bwino kuwerenga mndandanda wa zosakaniza kuseri kwa paketi.

Pamndandanda womwewo, wa khungu louma kapena losachedwa kuyabwa ayang'ane mawu awiri: Alcohol Denat., mtundu wa mowa umene umatha kuumitsa khungu, ikakhala kumayambiriro, ndiye kuti ilimo yambiri, chifukwa zosakaniza zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri. Ndipo Parfum kapena Fragrance ndi zonunkhiritsa, zimene zili m'gulu la zinthu zoyabwitsa khungu kawirikawiri. Wa khungu lamafuta ndi ziphuphu asaope chochotsera chamafuta, bola chikhale cha mtundu umene umasanduka ngati mkaka ukakhudzana ndi madzi n'kutsukika wonse, kenako asambenso ndi chotsukira nkhope chofewa. Mafuta a kokonati amasungunuladi masikara, sindikana, koma kwa anthu ena amatseka timabowo ta pakhungu n'kuyambitsa ziphuphu. Mawu akuti natural, kutanthauza zachilengedwe, asatinyengenso, pakuti mafuta onunkhira ochokera ku zomera nawo amayabwitsa.

Chinthu chatsopano musachiyambire m'maso. Pakani pang'ono kuseri kwa khutu kapena mkati mwa mkono kwa masiku angapo, muone ngati pafiire kapena payabwe. Ovala magalasi ang'onoang'ono omata padiso ayambe awavula asanachotse zophoda. Pabotolo pamakhalanso kachithunzi ka mtsuko wotsegula kolembedwa 6M kapena 12M, kutanthauza miyezi imene chinthucho chimakhala chabwino chitatsegulidwa. Ambiri sitikaona n'komwe, ndipo botolo limatha zaka lili pawindo la bafa.

Pali malo amodzi amene amaiwalika ngakhale ndi anthu osamala, ndiwo m'mphepete mwa chikope momwe mumamera nsidze. M'menemo muli timabowo totulutsa mafuta amene amathandiza kuti misozi isaume msanga, ndipo pensulo kapena masikara ikatsalira imatha kutitseka, diso n'kumauma kapena kutuluka kachotupa. Ine ndimadutsamo modekha ndi kamtengo ka thonje konyowetsedwa, ndipo nthawi zambiri kamatuluka kakuda ngakhale nkhope ikuoneka yoyera pakalilole. Kuyabwa kapena kutupa kukapitirira mutasintha chochotsera, kaonaneni ndi dokotala wa khungu kapena wa maso, ndipo munyamule botololo kuti akawerenge yekha zosakaniza zake.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti mukamalemba za zodzoladzola patsamba la kukongola, pambali pa lipisitiki kapena masikara iliyonse muzitchulanso mtundu wa chochotsera chimene chimafunika.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu