Opanga masisitimu, tisiyireniko chifukwa chake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi anzanga opanga mapulogalamu apakompyuta komanso mabwana amene amawapatsa ntchito, makamaka m'mabungwe a alimi ndi ma SACCO kuno ku Kasungu. Sisitimu ikatha kupangidwa timangopatsana ma password, mwina ndi kabuku kakuti dinani apa kenako apa, basi tathana. Palibe amene amasiya atalemba kuti anasankhiranji njira iyi osati inayo, chonsecho code, malangizo olembedwa amene kompyuta imatsatira, imangoonetsa zomwe sisitimu ikuchita, zomwe munthu ankaganiza tsiku limenelo siyinena.

Kubungwe lina logula soya ndi mtedza sisitimu yawo inkasunga kaye zonse pa laputopu ya kalaliki komwe akugulirako, kutumiza ku ofesi ya pa boma kunali madzulo kapena mawa lake. Kutabwera mnyamata watsopano, wanzeru zake ndithu, anaona ngati ndi zachikale zimenezo nanga si masiku ano chilichonse ndi pa intaneti pompopompo, ndiye anasintha. Nyengo yogula itafika makalaliki akumidzi kutali ndi msewu wa M1 ankangoyang'ana kanthu kakuzungulira pa sikirini alimi ali pamzere ndi ngolo zawo dzuwa likuswa mtengo, mapeto ake anabwerera ku kope ndi bolopeni. Amene anaipanga poyamba ankadziwa bwino za netiweki ndi magetsi a kumeneko koma anapita ku Johannesburg kalekale, chifukwa chija chinapita naye m'mutu. Mnyamatayo sindimunena ayi, akanadziwira kuti?

Musati ndi umbuli wa kwathu kuno kokha. Pa 4 June 1996 roketi ya ku Ulaya ya Ariane 5 inaphulika patangotha masekondi pafupifupi 40 chinyamukire. Opanga ake anatenga pulogalamu ya roketi yakale ya Ariane 4 momwe nambala ina ya ma bit 64 (ma bit ndi muyeso wa malo osungira nambala mukompyuta) inkalowetsedwa m'malo aang'ono a ma bit 16 popanda chotetezera, poti pa roketi yakaleyo nambalayo sikanakula kufika pamenepo. Yatsopano inkauluka mosiyana, nambala inasefukira, makompyuta onse awiri otsogolera ulendo analeka kugwira ntchito. Komiti yofufuza inalangiza kuti zolemba zofotokoza zifukwa zizisamalidwa chimodzimodzi ndi code yeniyeniyo.

Ndipo sitikunena chibuku chachikulu chomwe palibe angawerenge. Mu 2011 Michael Nygard anafotokoza njira yomwe ambiri amaitcha ADR (Architecture Decision Record), tsamba limodzi kapena awiri pa chisankho chilichonse chachikulu, mumalemba momwe zinthu zinalili, chomwe mwasankha, ngati chikugwirabe ntchito ndi zotsatira zake zabwino ndi zoipa zomwe, n'kulisunga pamodzi ndi code. Mukadzasintha maganizo tsamba lakalelo simulifufuta, mumangolemba kuti lalowedwa m'malo ndi lakutilakuti.

Chomwe chimandisangalatsa ine pa njirayi n'chakuti zifukwa nazonso zimatha ntchito. Tinene kuti munasankha kubwereka seva, kompyuta yomwe sisitimu imakhalamo, yakunja yolipira madola poti nthawi imeneyo zinali zotchipa kuposa kugula yanu ndi sola ndi mabatire. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndiye ngati chifukwacho chinalembedwa aliyense aona kuti apa tikhalenso pansi tiwerengere. Koma ngati sichinalembedwe anthu amangoopa kukhudza, mumamva kuti zisiyeni choncho anaika ndi akuluakulu, ndalama zikupita mwezi ndi mwezi.

Ena ati nthawi palibe, kasitomala amafuna sisitimu yoyenda osati nkhani. Ayi ndithu, tsamba limodzi silidya ola lathunthu. Ndipo tisanamizane, alipo ena safuna dala kulemba kuti bungwe lizingowaimbira foni iwo okha chikavuta, kumeneko ndiye kudyera kwake.

Ndiye kwa mabwana ndi makomiti amene mumasaina makontilakiti, ikanimo mzere woti gawo lomaliza la malipiro lituluka masamba amenewa akaperekedwa, ndipo munthu wina wa m'bungwe mwanu awawerenge wopangayo asanachoke, ngakhale m'Chichewa momwemu alembe palibe vuto, bola wobwera pambuyo amve.

Wowerenga wanu,
Kasungu