Mwana wanga, za utsi wofiirira uja

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tili bwino, kupatula bondo la mayi ako limene limavutabe kukazizira. Mchemwali wako watiuza zimene iwe unatibisira, ndipo usamukalipire, wachita bwino. Akuti unatsalira mu labu usiku ndi mnzako uja, magetsi atathima, fani ya fume cupboard, kabati yokoka utsi ija, isakuzungulira, ndipo munathira nitric acid m'botolo momwe munali zotsala za magnesium iodide. Akuti munatuluka utsi wofiirira, unatsokomola mpaka misozi, mnzakoyo n'kukugulira paketi ya mkaka, iwe n'kupita kukagona. Mayi ako sanadye tsiku limene tinamva. Ine ndinakwiya kaye, mantha anabwera pambuyo, ndipo mpaka lero sanachoke.

Mkaka! Mwana wa mphunzitsi wa sayansi, kumwa mkaka chifukwa cha utsi wolowa m'mapapo? Mkaka umapita m'mimba, utsi unapita kwina.

Ndamva kuti mnzakoyo anati palibe choopsa, ndi mchere chabe ndi asidi, zingosinthana malo n'kupanga magnesium nitrate ndi hydroiodic acid. Ana anga a Fomu 3 ankayankha choncho, ndipo ndinkawakhululukira chifukwa anali ana. Iwe sindikukhululukira msanga. Nitric acid samangopereka H+ ngati ma asidi ena, amalandanso ma electron. Ndipo iodide ndiye wosavuta kulanda kuposa bromide ndi chloride. Tsegula tebulo lija loonetsa mphamvu yolanda ma electron, limene ndinakuloweza pakhonde uli ndi zaka 16, udzione wekha. Ayodini kubwerera ku iodide ndi +0.54 V. Nitrate mu asidi kupita ku mpweya wa NO, nitric oxide, ndi +0.96 V. Kusiyana kwake ndi 0.42 V, ndipo kuli mbali yoti zinthu zichitike zokha popanda wozikankha.

3MgI2 + 8HNO3 → 3Mg(NO3)2 + 3I2 + 2NO + 4H2O

Ma electron osamuka ndi 6. Chulukitsa 6 ndi 96,485, nambala ya Faraday ija, ndi 0.42, upeza kuti ΔG°, muyeso woonetsa ngati zinthu zingachitike zokha, ili pafupi ndi −243 kJ. Ndawerengera kuseri kwa envelopu ya penshoni, wopanda kakyuleta, ndipo sizinanditengere mphindi zisanu. Iwe ukanatha kuwerengera usanatsegule botolo. Magnesium sachita kanthu pamenepa, amalowa ali +2 n'kutuluka ali +2, ndiye dzina lake lisakupusitse kuti mcherewo ndi wofatsa. Ukanakhala magnesium chloride, wa +1.36 V, asidi wosungunula ndi madzi sakanaukhudza, ndipo ndikuganiza kuti apa ndi pamene mnzako anasokonezekera. Anaona mchere woyera wofanana ndi unzake, basi.

Komatu magnesium iodide amachenjeza yekha. Ukamusiya pamtunda amayamwa chinyezi n'kuyamba kuderako, chifukwa mpweya wamba womwewu umatulutsa ayodini pang'onopang'ono. Chinthu chimene mpweya ukutha kuchilanda ma electron, iwe ukachithire nitric acid?

Kumbukiranso kuti manambala a m'tebulo ndi a asidi wa 1 mol pa lita, pa 25°C. Wa m'botolo lalikulu lija ndi wa pafupifupi 68 peresenti, ma mol oposa 15 pa lita. Taona ma H+ 8 amene akulowa mu equation, asidi akakula mphamvu kukankhako kumakulanso. Asidi wamphamvu chotere amatulutsa NO2, nitrogen dioxide, mwachindunji, utsi wofiirira umene unauona. Wosungunula amatulutsa NO wopanda mtundu, koma akangokumana ndi mpweya amasanduka NO2 yemweyo pamaso pako. Kulikonse kumene ungadzere, ufika pa utsi umodzimodzi.

Ndikulemba izi ndikukuona uli wamng'ono, ukununkhiza chilichonse, botolo la parafini, mankhwala a mbewu, sopo wa mayi ako. Ndinakuphunzitsa kukupiza ndi dzanja kuti fungo libwere lokha pang'ono, osaika mphuno pakamwa pa botolo. Unkaseka n'kumakupizanso mbale ya ndiwo. Unali mwana womvera, ndipo ndikudziwa kuti ukadali yemweyo. Ndi mnzakoyo amene sindikumumvetsa.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti ΔG imangonena kumene zinthu zikulowera, siinena liwiro. Asidi akakhala wozizira ndi wosungunula, poyamba pamaoneka ngati palibe chikuchitika. Madzi amangoderako pang'ono. Koma nitrous acid wochepa amene amapangika ndiye amafulumizitsa ntchito yonse, ndipo akamapangika wambiri liwiro limakula, kutentha kumakwera, kutenthako n'kuwonjezeranso liwiro. Zili ngati moto wa m'gaga, pamwamba phulusa, pansi ukunyeka. Munthu amaona bata, amatseka chivindikiro, amapita kukasamba m'manja, botolo n'kuphulika kumbuyo kwake. Kodi botolo lija munalitseka? Lili kuti lero? Ngati lidakali pashelefu lotseka, usalikhudze wekha, uza woyang'anira labu m'mawa womwe uno. Ndipo nitric acid asamakumane m'botolo la zinyalala ndi ethanol kapena acetone, zimenezo ndiye zoopsa koposa.

Utsiwonso umachedwa chimodzimodzi. NO2 sasungunuka msanga m'madzi, ndiye sapsereza kwambiri mphuno ndi kukhosi kuti munthu athawe. Amatsika mpaka pansi pa mapapo. Munthu amatsokomola pang'ono, amamva bwino, amapita kunyumba, ndipo patapita maola angapo, nthawi zina tsiku lathunthu, madzi amayamba kudzaza m'mapapo ali mtulo. Ena amachira, kenaka patapita milungu ingapo kubanika kumabwereranso chifukwa tinjira ta mpweya tawonongeka. N'chifukwa chake sindikukhutira ndi mawu akuti uli bwino tsopano. Pita kuchipatala. Ukanene dzina la utsiwo, nitrogen dioxide, ndi tsiku limene unaupuma, akupime m'chifuwa. Ngati ndi ndalama, nena, tigulitsa matumba awiri a chimanga. Tinagulitsa zambiri kuposa apo kuti ufike pamene ulipo, ndipo sitinadandaule.

Za mnzakoyo, sindikumudziwa nkhope, ndipo sindikuti ndi mfiti. Koma munthu amene amakuuza kuti tiyeni timalize usiku uno pomwe fani yaima, amene amathira kaye n'kuganiza pambuyo, amene mnzake akubanika iye n'kuthamangira kugolosale m'malo mwa kuchipatala, ameneyo usagwire naye ntchito ya asidi. Ucheze naye za mpira ngati ukufuna. Ndamvanso kuti mumayamba mwadutsa pa bala musanabwerere ku labu. Sindikufunsa ngati n'zoona, ndikungokuuza kuti dzanja limene lagwira botolo la mowa lisagwire botolo la nitric acid tsiku lomwelo. Magetsi akathima, tseka mabotolo a asidi, tsitsa galasi la fume cupboard, tuluka. Ntchito ichedwe. Akukalipire abwana, ine ndidzakuyankhira.

Ukalembenso lipoti la zimene zinachitika, ngakhale ukuopa kuti akuona ngati wosasamala. Pali wina amene adzatsegule kabati imeneyo pambuyo pako, mwina mayi wokolopa amene sadziwa n'komwe kuti iodide n'chiyani.

Mayi ako akuti uwaimbire Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, akufuna amve okha mmene ukupumira. Atumiza ufa ndi mtedza pa basi ya Lachisanu. Ukaimba undiuze zimene adokotala apeza, ndi kumene kuli botolo lija.

Ndine bambo ako.