Wonyamula zitsulo za boma asamakhalenso yemweyo woyeza

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yakhala ikundidya mumtima kuyambira chilimwe chathachi. Ndi nkhani ya zitsulo zakutha za boma, zija zimaunjikidwa kuseri kwa madepoti mpaka udzu kumera pakati pake, komanso mmene boma limaperekera kontrakiti kwa anthu oti azisankhule, aziyeze ndi kuzichotsa. Ambiri akangomva kuti zitsulo zakutha amangoti aaa zinyalala zimenezo, koma ayi ndithu, muli ndalama mmenemo, ndalama zathu zomwe, poti chitsulo chilichonse chili pa mulu uja chinagulidwa ndi msonkho tsiku lina.

Ine ndakhala pa sikelo zaka zambiri. Ndinali kalaliki wogula thonje kuno ku Salima, ndagwirapo ku Khombedza, ku Ngodzi mpaka ku Chipoka, nde ndikamakamba za kuyeza sikuti ndi zongomva ayi. Ndikudziwa kuti sikelo imanena zoona pokhapokha pali maso a anthu awiri kapena atatu omwe zofuna zawo ndi zosiyana. Mlimi amayang'ana muvi, kalaliki amayang'ana muvi, wolipira amayang'ana risiti. Mukangochotsapo mmodzi, nambala imayamba kuyenda yokha.

Mu Okutobala mwana wa mchemwali wanga anapeza ganyu pa depoti ina ya boma konkuno, sinditchula kuti ndi iti. Panali mulu wa zitsulo womwe enafe tauona zaka ndi zaka tikamadutsa pa njinga: mapaipi a mijigo, injini za mathirakitala, mabedi achitsulo, mathanki obooka, malata, mapampu, mabatire, ndi zingwe zamagetsi zokulungidwa ngati nkhata. Kontrakitala wina anapatsidwa ntchito yochotsa zonsezo, ndipo analemba anyamata ngati khumi ndi awiri, kuwauza kuti azilipidwa potengera matani omwe apakira. Dzuwa la ku Salima mu Okutobala mukulidziwa inu, chitsulo chimatentha moti sungachigwire ndi dzanja, koma anyamata aja analibe magolovesi, analibe majombo, ena atakulunga manja ndi zidutswa za matumba a feteleza, ena ndi machubu a njinga. Tsiku lachinayi mwana uja anachekedwa ndi lata la dzimbiri pachikhatho, bala lakuya, ndipo ndine ndinamutengera kuchipatala kuti akabayidwe jekeseni wa kafumbata. Mawa lake anaumirira kuti abwerere, akuti amalume ndikapanda kupita ndalama zanga za masiku anayi zilowa mmadzi. Nde ndinamuperekeza, ndikukhala pamthunzi wa mpanda mpaka dzuwa kupendeka.

Zomwe ndinaona tsiku limenelo ndi zomwe zandilembetsa kalatayi.

Pa depoti paja panalibe sikelo ya malole. Lole ikadzaza imanyamuka ndi dalaivala ndi kapitawo wa kontrakitala basi, akuti akukayeza kwina, ndipo kapitawo amabwerako ndi kapepala kolemba pamanja kuti matani akuti. Palibe wa boma amakwera nawo. Mlonda pageti amangotsegula ndikutseka, ndinamufunsa kuti achimwene mukulemba manambala a malolewa? Anati sanapatsidwe kaundula aliyense, anangouzidwa kuti awa ndi ovomerezeka azilowa. Tizitsulo ting'onoting'ono amatiyeza pa sikelo yopachika pa nthambi ya mtengo wa mango, ndinayandikira kuiona bwinobwino, inalibe chidindo cha oyendera masikelo ndipo muvi wake sumabwerera pa ziro, umatsala cham'mbuyo. Zingwe zamagetsi zija, zomwe mkati mwake ndi mkuwa, zimangoponyedwa mu lole imodzimodzi ndi malata, kusakaniza zonse ngati nsima ya pa maliro. Ndipo lole ina inabwera mmawa ili ndi madramu kumbuyo, anyamata anauzidwa kuti awatsitse akhuthule madzi asanayambe kupakira.

Madramu amenewo mwina wina sangaone vuto, koma munthu wa pa sikelo mtima umagunda. Lole imayezedwa kawiri. Koyamba ilibe katundu, kachiwiri itadzaza, kenako mumachotsera, chotsalacho ndiye kulemera kwa katundu. Ndiye chinyengo chambiri chimabisala mu nambala yoyamba ija. Dramu la malita 200 likadzaza madzi ndi makilo 200 osawerengera dramulo, madramu asanu ndi tani yathunthu. Malita 100 a dizilo amalemera pafupifupi makilo 84, nde ngati koyamba thanki inali yodzaza koma kachiwiri ili pafupi kuuma, makilo ena apitanso pamenepo. Onjezani anthu atatu omwe anakhala kutsogolo poyeza koyamba koma n'kutsika poyeza kachiwiri, onjezani matayala osungira. Pali enanso poyeza kachiwiri amaimitsa lole mwakuti tayala lakumbuyo silinakwere bwino pa sikelo. Tiyerekeze kuti pa lole iliyonse pasowa tani imodzi yokha, malole 30 ndi matani 30 omwe achoka pa depoti koma pa pepala sanakhalepo n'komwe. Boma laluza, komanso anyamata opakira aja aluza, poti malipiro awo akuwerengedwa pa nambala yomweyo. Ndipo palibe angatsutse, chifukwa mulu wapita, ndipo chitsulo chikakalowa mu ng'anjo yosungunulira basi, madzi akatayika sawoleka.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kaperekedwe ka kontrakitiyo. Taganizani. Ngati munthu akulipidwa ndi boma chifukwa chonyamula, pa tani iliyonse, iye amafuna nambala ikwere, nde matope, mchenga wonyowa ndi simenti yomatirira ku mapaipi zonse zimakwera nawo pa sikelo. Ngati munthu akugula zitsulozo kwa boma, amafuna nambala itsike. Tsono mukapereka kwa munthu mmodzi kuti iye yemweyo asankhule, ayeze, anyamule, mwinanso agule, mwamupatsa mpeni ndi nyama yomwe, ndipo akhoza kukhala ndi mapepala awiri, lina lokwera lokalandirira malipiro, lina lotsika lokalipirira. Sikuti kontrakitala aliyense ndi wakuba ayi, alipo ochita zinthu mwachilungamo ndipo ndi iwowo omwe amagonja pa tenda chifukwa mnzawo amatchula mtengo wooneka wabwino akudziwa kuti akabwezera pa sikelo. Anthu amati mbuzi imadya pomwe aimangirira, ine mawu amenewa amandipweteka ndikamawamva akunenedwa ngati chilolezo, koma ngati tikudziwa kuti ndi mmene zilili, bwanji tikumangirira mbuzi pakati pa dimba?

Nkhani ya mkuwa ndiimirepo pang'ono. Zitsulo sizofanana mtengo. Mkuwa umaposa chitsulo wamba kangapo konse pa kilo, aluminiyamu nayenso ndi wokwera, mabatire amagulidwa paokha chifukwa cha mtovu uli mkatimo. Ngakhale anyamata oyenda mmakwalala ndi thumba ndi kasikelo akugula mapoto obooka amadziwa zimenezi, amayenda ndi kamaginito mthumba, kakamata ndiye kuti chitsulo wamba, kakakana ndiye kuti mwina mkuwa kapena aluminiyamu ndipo mtengo umasintha pompo. Ndiye zingatheke bwanji kuti boma, lomwe lili ndi mainjiniya ndi akatswiri osunga katundu, ligulitse mulu wonse pa mtengo umodzi ngati zonse ndi malata? Kusankhula kumayenera kuchitika lole isanafike, mulu wa mkuwa pawokha, wa mabatire pawokha, injini zomwe zingadzukenso pazokha, chilichonse ndi kulemera kwake kolembedwa ndi kusainidwa.

Malamulo alipo kale, sitikupempha zachilendo. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loona za kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa boma, lomwe linabweretsa bungwe la Public Procurement and Disposal of Assets Authority (PPDA), ndipo dzina lenilenilo likunena kuti si kugula kokha komanso kutaya kapena kugulitsa katundu wakutha. Unduna uliwonse ndi khonsolo iliyonse imayenera kukhala ndi komiti yake yoona zimenezi. Koma tonse maso athu amakhala pa kugula, magalimoto atsopano, feteleza, mankhwala, pomwe khomo lotulukira katundu palibe amaliyang'ana. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi lomwe limayendera masikelo ndi mapampu a mafuta n'kuikapo chidindo, ife pa thonje sikelo yopanda chidindo alimi amatha kukana kugulitsa ndipo amakhala akulondola. Ngati mayi wogulitsa mpunga mumsika amafunsidwa za sikelo yake, kuli bwanji munthu woyeza matani a katundu wa dziko? Ndipo kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito, kutanthauza kuti ine kapena inu tikhoza kufunsa kuti pa depoti yakuti panachoka matani angati, anagula ndani, pa mtengo wanji, ndalama zinalowa mu akaunti iti. Mu 2013 tinaona pa Cashgate mmene pepala limalipirira katundu yemwe sanabwere. Apa ndi chimodzimodzi koma chotembenuza, katundu amachoka pomwe pepala silikumudziwa.

Pempho langa kwa omwe amalemba makontrakiti amenewa ndi loti alekanitse ntchito. Wonyamula akhale wina, woyeza akhale wina wosadya nawo, ndipo wogula asakhale m'bale wa kampani yonyamula. Lole iyezedwe yopanda kanthu ndi yodzaza pa sikelo imodzimodzi, tsiku lomwelo, pamaso pa wosunga katundu wa boma ndi wolondoloza chuma, ndipo risiti ituluke mu makina, yokhala ndi nambala ya galimoto, tsiku ndi nthawi, osati kapepala kong'amba mu kope. Komwe kulibe sikelo ya malole, alipo masikelo onyamulika oika pansi pa matayala, abwereke kapena aike mu kontrakiti kuti woyeza abwere nawo. Mlonda pageti apatsidwe kaundula wake, azilemba lole iliyonse yotuluka, kuti madzulo mabuku awiri afanane. Masiku ano aliyense ali ndi foni, kujambula muvi wa sikelo ndi nambala ya lole sikufuna bajeti ya ku Capital Hill. Ndipo ntchito ikatha manambala amatidwe pa bolodi ya khonsolo pomwe amamata zotsatira za tenda zina, aliyense wodutsa awerenge.

Za anyamata opakira nazonso zilowe mu kontrakiti momwemo, osati kusiyira chifundo cha kapitawo. Magolovesi, majombo, madzi akumwa, bokosi la mankhwala, komanso aziona ndi maso awo nambala yomwe malipiro awo akuchokera. Pansi pa milu imeneyi mumakhala njoka, mabatire akale amatuluka asidi, munthu akavulala asamauzidwe kuti unali ganyu chabe.

China chomwe anthu a mmizinda mwina sachiganizira: pepala lotayirira la pa depoti limatsukanso zitsulo zakuba. ESCOM yakhala ikudandaula za kuonongedwa kwa mathiransifoma ndi kubedwa kwa mawaya, mmidzi zigwiriro za mijigo zimasowa usiku amayi n'kubwerera kukatunga kudambo, zikwangwani za mu msewu wa M5 zimazulidwa. Zonsezi zimapita kwa ogula zitsulo. Ngati lole ili ndi kalata yoti yanyamula zitsulo za boma koma kalatayo sikunena kuti ndi zitsulo zanji ndipo ndi makilo angati, wapolisi pa rodibuloko adzasiyanitsa bwanji paipi ya pa depoti ndi paipi yozulidwa dzulo pa mjigo wa sukulu?

Ndiye palinso owotcherera athu. Pitani pa Kamuzu Road kapena pa Kaphatenga muone anyamata akupanga mafelemu a mawindo, ngolo, mbaula, mabedi, chitsulo chake akuchigula modula, china kuchokera ku Lilongwe mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kuonjezera thiransipoti. Iwo amangoona malole akudutsa ndi zitsulo zomwe akanapangira ngolo zambirimbiri. Tenda ikakhala ya mulu wonse nthawi imodzi, ndi wa ndalama zambiri yekha angaikwanitse. Bwanji osagawa mbali ina timilu ta makilo 200 kapena 500, n'kulengeza pa wailesi za mmadera tsiku la okushoni, kuti amisiri a konkuno apikisane poyera? Ndikukhulupirira kuti boma lingapeze zochuluka kuposa kugulitsa chigulu, ndipo kuyeza timilu totere ndi kosavuta, sikelo yapansi yokhala ndi chidindo ikwanira.

Mwana wa mchemwali wanga uja analandira ndalama zake patatha milungu itatu, zochepera zomwe iye ndi anzake amawerengera, ndipo atafunsa anaonetsedwa timapepala tomwe tija tolemba pamanja. Chikhatho chinapola koma chala chimodzi sichipinda bwino mpaka lero, pogwira khasu amadandaula. Pa depoti paja mulu wina wayamba kale kukula pakona yomweyo, ndaona mathanki awiri ndi chigoba cha galimoto. Ndikupempha makhansala athu ndi mafumu omwe amakhala nawo pa mikumano ya khonsolo kuti afunse ndondomeko ya kayezedwe tenda ina isanatuluke. Ine mbali yanga ndalemba kale kalata yofunsa manambala a ulendo wathawu, ndipo mnyamata uja ndamugulira kope ndi cholembera, ndamuuza kuti akadzamuitananso azilemba nambala ya lole iliyonse, nthawi yomwe yalowa, nthawi yomwe yatuluka, ndi zomwe inabwera nazo kumbuyo.

Wowerenga wanu wa nthawi zonse,
Kamuzu Road, Salima